Pulani Yolipiriratu Sevisi ndi Waranti Yowonjezera pa Malole Atsopano

Munthu akamagula lole kapena pikapu yatsopano kwa ogulitsa ovomerezeka, kawirikawiri amaonetsedwa mapepala awiri owonjezera asanasaine mgwirizano womaliza. Pepala loyamba ndi la pulani yolipiriratu sevisi ya galimotoyo kwa zaka zingapo. Lachiwiri ndi la waranti yowonjezera, imene imayamba kugwira ntchito waranti ya kampani yopanga galimotoyo ikatha. Zonse ziwiri zimakweza ndalama zimene wogula alipire, ndipo zimabwera pa nthawi imene iye watopa ndi kukambirana za mtengo, maso ali pa makiyi. Alimi, amalonda ndi mabungwe a alimi amene asonkha ndalama kapena kutenga ngongole kuti apeze galimoto yonyamulira katundu ayenera kudziwa chimene mapepalawa amagulitsa. Phindu lawo limadalira ntchito imene galimotoyo idzagwire, kutalika kwa mtunda kuchokera kumene idzakhale kukafika ku galaja yovomerezeka, ndi mawu olembedwa mu mgwirizano. Pulani yomweyo imene ingapulumutse wamalonda wa ku Limbe ikhoza kukhala kutaya ndalama kwa mlimi wa ku Chitipa.

Zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza

Choyamba ndi waranti ya wopanga galimoto. Imeneyi ili kale mu mtengo wa galimoto yatsopano ndipo wogula salipira padera. Ndi lonjezo lakuti chipangizo chikawonongeka chifukwa chakuti chinapangidwa molakwika kapena chinamangidwa molakwika ku fakitale, chidzakonzedwa kapena kusinthidwa kwaulere. Lonjezoli limakhala ndi malire awiri, a zaka ndi a makilomita, ndipo limatha pamene limodzi mwa malire awiriwa lafikidwa. Waranti ya zaka 3 kapena makilomita 100,000 imatha pa miyezi 20 ngati galimoto yakwanitsa makilomitawo pa miyezi 20. Makampani ena amapereka nthawi yotalikirapo pa injini ndi giyabokosi kusiyana ndi mbali zina za galimoto, choncho nambala yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa chikwangwani cha malonda siikhudza galimoto yonse nthawi zonse.

Chachiwiri ndi pulani yolipiriratu. Pano pali mitundu iwiri imene mayina ake a Chingerezi amafanana koma zamkati mwake zimasiyana kwambiri. Imene amaitcha service plan imalipira sevisi yanthawi zonse yolembedwa m'buku la galimoto: oyilo, mafyuluta a oyilo, a mafuta ndi a mpweya, ndi malipiro a amakaniko. Imene amaitcha maintenance plan imaphatikizapo zimenezi ndi zipangizo zina zimene zimatha ndi ntchito, monga mabuleki, kilatchi, malamba a injini, ndipo nthawi zina batire. Yachiwiriyi ndi yokwera mtengo. Matayala kawirikawiri sakhala mu iliyonse mwa ziwirizi. Wogula amene wauzidwa pakamwa kuti “zonse zili momwemo” ayenera kupempha mndandanda wa zipangizo wolembedwa, chifukwa tsiku limene kilatchi yapsa amawerenga pepala.

Chachitatu ndi waranti yowonjezera. Dzinali limasocheretsa pang'ono. Ina imagulitsidwadi ndi kampani yopanga galimoto ndipo imangotalikitsa lonjezo loyamba lija. Ina imagulitsidwa ndi kampani yapadera, ngakhale mapepala ake amasainidwa pa desiki ya wogulitsa galimoto, ndipo imagwira ntchito ngati inshuwalansi ya kuwonongeka kwa zipangizo zotchulidwa mayina. Yamtundu umenewu imakhala ndi malire a ndalama zimene ingalipire pa chipangizo chilichonse, ndipo ina imafuna kuti mwini galimoto alipireko gawo loyamba la ndalama zokonzera. Funso loyamba kufunsa ndi lakuti: galimoto ikawonongeka, ndani adzalipire, ndipo ofesi yake ili kuti?

Palibe chilichonse mwa zitatuzi chimene chimalowa m'malo mwa inshuwalansi ya pamsewu. Ngozi, kubedwa, moto ndi madzi osefukira ndi nkhani za inshuwalansi. Galimoto zimene zinakokoloka kapena kumira m'matope pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 sizikanakonzedwa ndi waranti ya mtundu uliwonse.

Kuwerengera makilomita

Pulani yolipiriratu sevisi ndi yosavuta kuiyeza, chifukwa zimene imagula zimadziwika kale. Wogula angathe kupempha galaja ya wogulitsayo kuti imulembere mtengo wa lero wa sevisi iliyonse imene ili mu pulaniyo, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, kenaka n'kuphatikiza. Ngati mtengo wa pulani uli pamwamba pa chiwerengero chimenecho, pafunika chifukwa chomveka choilipirira. Koma kuphatikiza kokha sikukwanira. Pafunikanso kudziwa kuti ndi masevisi angati amene galimotoyo idzachitedi nthawi ya pulani isanathe.

Tiyerekeze pulani ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, pa galimoto imene imalowa sevisi pa makilomita 10,000 alionse. Pulaniyo ili ndi masevisi 10. Wamalonda wonyamula katundu pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300, akamapita ndi kubwerera kawiri pa sabata amayenda makilomita oposa 1,200 pa sabata, kapena pafupifupi 60,000 pa chaka. Ameneyu adzagwiritsa ntchito masevisi onse 10 zaka ziwiri zisanathe, ndipo ndalama zake zonse zidzamugwirira ntchito. Mlimi amene lole yake imatanganidwa pa nyengo ziwiri zokha, yonyamula feteleza mvula isanagwe ndi yotuta chimanga, soya kapena mabelo a fodya opita ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, mwina amayenda makilomita 15,000 pa chaka. Pa zaka 3 adzakhala atayenda 45,000. Adzachita masevisi 4 kapena 5, kapena 6 ngati buku la galimoto likulamula sevisi pa miyezi 6 iliyonse ngakhale makilomita asanakwane. Otsalawo adzapita ndi nthawi, pokhapokha mgwirizano utanena kuti ndalama za masevisi osagwiritsidwa ntchito zimabwezedwa. Mapulani ambiri sanena zimenezo.

Waranti imayenda mosemphana ndi zimenezi. Wamalonda woyenda kwambiri uja adzamaliza waranti ya wopanga msanga, mwina ngongole ya galimoto isanafike ndi pakati pomwe, choncho kwa iye funso la waranti yowonjezera ndi lenileni. Aonetsetse kuti malire a makilomita a waranti yowonjezerayo ndi okwanira: kuwonjezera zaka 2 koma makilomita 50,000 okha kudzamupatsa chitetezo cha miyezi 10. Mlimi woyenda pang'ono adzafika kumapeto kwa zaka 3 galimoto yake ikadali ndi makilomita ochepa, pa msinkhu umene injini ndi giyabokosi zosamalidwa bwino siziwonongeka kawirikawiri.

Kwacha ndi chiwongoladzanja

Pali chifukwa chimodzi champhamvu chimene chimachititsa kuti kulipiriratu kukhale ndi nzeru kuno kuposa m'maiko amene ndalama zawo n'zokhazikika. Pafupifupi zipangizo zonse za galimoto, kuphatikizapo oyilo ndi mafyuluta, zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi ya ku America inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mitengo ya zipangizo imatsatira kusintha kotere mosachedwa. Munthu amene analipiriratu masevisi a zaka 3 pa mtengo wokhazikika wa kwacha kumayambiriro kwa 2022 anagula sevisi ya 2024 pa mtengo wa 2022.

Phindu limeneli limakhalapo ngati mtengowo ndi wokhazikikadi. Mgwirizano wina umakhala ndi ndime yopatsa wogulitsa ufulu wosintha mtengo kapena kupempha ndalama zowonjezera kwacha ikatsika mphamvu. Ndime imeneyi ikakhalapo, chiopsezo chabwerera kwa wogula, ndipo iye wangopereka ndalama zake msanga popanda chitetezo chimene amayembekezera. Ndime yotere iyenera kufunidwa mwadala, chifukwa siilembedwa pa tsamba loyamba.

Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi chiwongoladzanja. Ogula ambiri sapereka ndalama za pulani kuchokera m'thumba. Zimaphatikizidwa ku ngongole ya galimoto. Mu 2024 Banki Yaikulu ya Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amalonda amabwereketsa motsatira mlingo umenewu. Mwachitsanzo, pulani ya K3,000,000 yoikidwa pa ngongole ya 30 peresenti pa chaka, yobwezedwa mwezi ndi mwezi kwa zaka 3, imadya ndalama zoposa K4,500,000 ngongoleyo ikamatha. Mtengo woyenera kuuyerekeza ndi masevisi ndi wachiwiriwu. Wolipira ndi ndalama zake naye ali ndi funso lofanana: K3,000,000 yomweyo ikanagula katundu wa m'sitolo, mbewu kapena feteleza, ikanabala zingati pa zaka zitatuzo? Wamalonda amene ndalama zake zimazungulira msanga amataya zambiri pozitsekera mu pulani kuposa munthu amene zikanangokhala ku banki.

Mtunda wopita ku galaja

Pulani yolipiriratu imagwira ntchito ku magalaja a wogulitsa kapena amene iye wawavomereza, ndipo waranti nayo kawirikawiri imafuna kuti sevisi ichitikire komweko pa nthawi yake. Magalaja oterewa m'dziko muno amapezeka makamaka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kwa mwini lole wa ku Mchinji, ulendo wa ku Lilongwe ndi wa makilomita pafupifupi 110, ndipo angathe kuuphatikiza ndi katundu wopita kumsika. Kwa wa ku Nsanje, Blantyre ali pa makilomita pafupifupi 180, kudzera pa chitunda cha Thabwa. Kwa wa ku Chitipa, Mzuzu ali pa makilomita oposa 300, kudzera ku Karonga ndi kukwera mapiri a Chiweta. Kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 600, mafuta a dizilo a ulendo wonsewo, chakudya ndi malo ogona a dalaivala, ndi masiku awiri kapena atatu amene lole sikugwira ntchito. Sevisi yotchedwa yaulere ingathe kudya ndalama zoposa za sevisi yolipira ku galaja yapafupi.

Vuto lalikulu limabwera pa nyengo yokolola. Nthawi ya sevisi imakwana pamene ntchito yachuluka, mwini galimoto amati tidikire sabata ziwiri, ndipo makilomita amapitirira ndi 2,000 kapena 3,000. Migwirizano yambiri imalola kupitirira pang'ono chabe, ndipo malirewo amalembedwa. Kupyola pamenepo kumapatsa kampani chifukwa chokanira kulipira injini ikadzawonongeka, ngakhale patapita chaka. Munthu amene akudziwa kuti sadzakwanitsa kupita ku galaja yovomerezeka pa nthawi yake akugula pepala limene iye mwini adzaliphwanya. Ogulitsa ena ali ndi amakaniko oyendayenda amene amafika kumene galimoto ili. Ngati zimenezi zalonjezedwa, zilembedwe mu mgwirizano, pamodzi ndi yemwe adzalipire ulendo wawo.

Mpofunikanso kuona kuti buku la galimoto limakhala ndi ndondomeko ziwiri za sevisi, ya ntchito wamba ndi ya ntchito yolemetsa. Kuyenda m'misewu yafumbi, m'matope, ndi katundu wodzaza nthawi zonse, kapena maulendo aafupiafupi oimaima kumawerengedwa ngati ntchito yolemetsa, ndipo kumafuna kusintha oyilo ndi fyuluta ya mpweya pafupipafupi. Umu ndi mmene malole ambiri a kumidzi amagwirira ntchito. Pulani yowerengeredwa pa ndondomeko ya ntchito wamba siilipira masevisi apakatiwo, koma waranti ingathe kuwafuna.

Zimene waranti siilipira

Apa ndi pamene madandaulo ambiri amachokera, ndipo ndi pamene wogula ayenera kudziweruza yekha moona mtima asanalipire.

Kulemetsa katundu ndi chifukwa choyamba. Lole ya matani 3 inapangidwa kuti inyamule matumba 60 a makilogalamu 50. Kuikapo matumba 90, monga zimaonekera m'misewu nthawi yokolola, ndi kupyola malire ndi theka lathunthu. Masipuling'i amathyoka, kilatchi imapsa pa zitunda, mabuleki amatentha potsetsereka, difu imalira, ndipo nthawi zina chasisi imapindika. Makaniko wodziwa ntchito amazindikira zizindikiro za kulemetsa akangoyang'ana pansi pa galimoto, ndipo malole ambiri atsopano ali ndi kompyuta imene imasunga mbiri ya mmene injini yagwirira ntchito. Kuwonongeka kotere sikuchokera ku fakitale, choncho waranti ya wopanga ngakhale yowonjezera siikukhudzidwa. Kulemera kovomerezeka kumalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pa galimoto ndi m'mapepala ake. Masipuling'i owonjezera amene anthu amaikitsa kwa owotcherera sasintha nambala imeneyo, ndipo iwo okha ndi umboni wakuti galimoto inasinthidwa popanda chilolezo.

Chachiwiri ndi mafuta. Injini za dizilo zamakono zimapopera mafuta ndi mphamvu yoposa ma bar 1,600, pamene mpweya wa m'tayala la pikapu uli pa ma bar 2 kapena 3. Pampu ndi manozo ogwira ntchito pa mphamvu yotere ali ndi timipata tating'ono kwambiri, ndipo madzi pang'ono, fumbi kapena palafini wosakanizidwa ndi dizilo zimaziwononga msanga. Mafuta akasowa m'malo omwetsera, eni galimoto ambiri amagula a m'zigubu m'mphepete mwa msewu, osadziwa mmene anasungidwira kapena zimene anathiramo. Pampu ndi manozo zili m'gulu la zipangizo zodula kwambiri pa injini, ndipo ndizo zimene munthu amaganizira akamagula waranti yowonjezera. Koma galaja ikatenga mafuta a m'thanki n'kupezamo madzi, pempho limakanidwa. Kusunga malisiti a kumalo omwetsera mafuta ndi kukhetsa madzi a mu fyuluta ya mafuta nyali yake ikayaka kumateteza injini kuposa pepala lililonse.

Chachitatu ndi kusintha galimoto. Malole ambiri amagulidwa opanda bodi, ndipo bodi imamangidwa ndi ena. Kuwotcherera kapena kuboola chasisi pamalo osaloledwa, kuitalikitsa, kulumikiza nyali ndi mawailesi pa nthambo za magetsi mwachisawawa, kapena kuika thanki yachiwiri ya mafuta kungathetse waranti pa mbali zokhudzidwazo. Njira yabwino ndi kufunsa wogulitsa, molemba, kuti ndi omanga bodi ati amene amawavomereza. Kuwoloka mtsinje wodzaza madzi n'kulowa mu injini, kupitiriza ulendo nyali ya oyilo kapena ya kutentha itayaka, ndi kusokoneza mita ya makilomita, zonsezi zimathetsanso lonjezo. Mwini galimoto amene sayendetsa yekha azindikire kuti waranti yake ili m'manja mwa dalaivala.

Pali chinthu china chimene waranti siibweza ngakhale pempho litavomerezedwa, ndicho nthawi. Chipangizo chikakhala kuti palibe m'dziko muno, chimaitanitsidwa kuchokera ku South Africa, Japan, India kapena China, ndipo ndalama zakunja zikamavuta kupeza, kudikira kumatalika. Lole yoima pa galaja mu Meyi ndi Juni yataya nyengo yonse ya zokolola, pamene banki ikuyembekezera ndalama zake za mwezi ndi mwezi. Migwirizano yambiri imanena momveka kuti siilipira phindu lotayika kapena katundu wowonongeka, monga tomato kapena nsomba zimene zaola panjira. Choncho funso lakuti wogulitsa amasunga zipangizo ziti m'nyumba yake yosungiramo katundu ndi lolemera kuposa lakuti waranti ndi ya zaka zingati. Wogula afunsenso ngati kukoka galimoto yofera panjira kuli mu mgwirizano, ndi kufikira makilomita angati.

Ndani amene waranti yowonjezera imamuthandiza

Zolakwika za ku fakitale zimakonda kuonekera galimoto ikadali yatsopano, pa nthawi imene waranti ya wopanga ikugwira ntchito. Kutha kwa zipangizo chifukwa cha ukalamba kumabwera mochedwa, ndipo kumeneko waranti siikulipira. Waranti yowonjezera imaphimba zaka zapakati, zimene galimoto yosamalidwa bwino imavuta pang'ono. Kampani yoigulitsa imadziwa zimenezi, ndipo imaika mtengo woti ndalama zolandira kwa ogula onse zipose zimene idzalipire, kuphatikizapo gawo la wogulitsa amene wasainitsa pepalalo. Umu ndi mmene inshuwalansi iliyonse imakhalira, ndipo palibe chinyengo pamenepa. Tanthauzo lake n'lakuti ogula ambiri adzalipira zambiri kuposa zimene adzalandire, ndipo ochepa adzapulumutsidwa ku vuto lalikulu.

Choncho funso ndi lakuti munthu angapirire vuto lalikululo payekha kapena ayi. Kampani ya malole 20 ingathe kupatula ndalama mwezi uliwonse n'kudzikonzera yokha, chifukwa giyabokosi imodzi ikafa malole 19 akugwirabe ntchito. Banja kapena kalabu ya alimi imene ili ndi lole imodzi ya ngongole ilibe mpata umenewo: injini ikafa m'chaka chachinayi, bizinesi yaima ndipo galimoto ingathe kulandidwa. Kwa otere, waranti yowonjezera yochokera kwa wopanga galimoto, yophimba injini, turbo, giyabokosi, difu ndi kompyuta ya injini, ndi yoyenera kuiganizira, malinga ngati iwo adzasunga malamulo ake a sevisi ndi a katundu. Amene sadzawasunga achita bwino kuika ndalama zomwezo ku akaunti yapadera yokonzetsera galimoto, imene siikana pempho la mwini wake.

Sikofunika nthawi zonse kugamula pa tsiku logula. Makampani ambiri amalola kugula waranti yowonjezera nthawi ina iliyonse waranti yoyamba isanathe. Wogula afunse tsiku lomaliza lochitira zimenezi. Pakatha zaka ziwiri amakhala atadziwa makilomita amene amayenda, khalidwe la galimoto yake, ndi mmene galajayo imalandirira madandaulo. Kudikira kuli ndi mtengo wake, chifukwa pofika nthawiyo waranti ingakhale itakwera.

Galimoto zogulidwa kunja

Waranti ndi mapulani kawirikawiri zimamangidwa ku dziko kapena dera limene galimoto inagulitsidwa. Lole yatsopano yogulidwa ku Johannesburg, Dar es Salaam kapena Dubai n'kulowetsedwa m'dziko muno ndi mwini wake ingapezeke kuti wogulitsa wa kuno sakuizindikira pa nkhani ya waranti, ngakhale dzina la galimoto ndi lomwelo. Chimodzimodzinso, wonyamula katundu wopita ku Beira, Nacala kapena Lusaka afunse ngati pepala lake limagwira ntchito galimoto ikafera kunja kwa malire.

Malamulo nawo amasiyana. Ku South Africa, malangizo a bungwe loona za mpikisano pa malonda amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2021 amafuna kuti mtengo wa pulani ya sevisi uonetsedwe padera ndi mtengo wa galimoto, kuti wogula akhale ndi ufulu woikana, ndiponso amalola mwini galimoto kukachititsa sevisi ku galaja yoima payokha popanda kutaya waranti yonse. Ku America, lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limaletsa wopanga kukakamiza ogula kugwiritsa ntchito zipangizo kapena magalaja ake okha ngati njira yosungira waranti, pokhapokha atazipereka kwaulere. Nkhani zimenezi zimawerengedwa pa intaneti ndipo ena amaganiza kuti zikugwiranso ntchito kuno. Amenewa ndi malamulo a maiko awo. Wogula wa ku Malawi adalire zimene zalembedwa mu mgwirizano wake ndi malamulo a dziko lino, ngakhale palibe chomuletsa kupempha wogulitsa kuti amulembere mtengo wa galimoto payokha ndi wa pulani payokha.

Malamulo ndi kokadandaula

Lamulo la kugulitsa katundu, Sale of Goods Act, limayembekezera kuti katundu wogulitsidwa ndi wamalonda akhale wabwino ndi woyenera ntchito imene wogula anafotokoza kuti akumufunira. Pachifukwa chimenechi n'kothandiza kuuza wogulitsa molemba ntchito imene lole idzagwire, katundu wake ndi misewu yake. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003, ndi lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 1998. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza kusocheretsa ogula ndi kuchita malonda mopanda chilungamo. Ngati waranti yowonjezera ikugulitsidwa ngati inshuwalansi, kampani yake iyenera kukhala ndi chilolezo chochokera kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu ya Malawi, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa dzina la kampaniyo n'kukatsimikiza.

Dandaulo limayenda ndi mapepala. Buku la sevisi likhale lodindidwa pa ulendo uliwonse, ndi tsiku ndi makilomita. Khadi la ntchito la ku galaja lisonyeze vuto limene mwini galimoto ananena, ngakhale amakaniko atati sanapeze kanthu, chifukwa phokoso la giyabokosi lolembedwa waranti isanathe ndi umboni giyabokosiyo ikadzafa waranti itatha. Pempho likakanidwa, chifukwa chake chiperekedwe molemba, ndipo chipangizo chowonongekacho chisatayidwe nkhani isanathe.

Ndime ziwiri zomaliza kuziyang'ana ndi za kugulitsa ndi za kuthetsa mgwirizano. Pulani kapena waranti imene ingasamutsidwe kwa mwini watsopano imakweza mtengo wa lole pogulitsa, koma ina imafuna kuti kampani idziwitsidwe m'masiku owerengeka ndi kulipira kandalama kosamutsira. Ndipo lole ikabedwa kapena kuphwanyikiratu pa ngozi m'chaka choyamba, mgwirizano unene ngati ndalama za zaka zotsalazo zidzabwezedwa, zingati, ndiponso kwa ndani: kwa mwini galimoto kapena ku banki imene inapereka ngongole.